Mtengo wa Loya Usabisike: Mkangano wa Maloya ndi Ufulu wa Kulankhula ku America

Pa 27 Juni 1977 Bwalo Lalikulu la Milandu la dziko la United States of America, limene limakhala mumzinda wa Washington, linagamula kuti loya ali ndi ufulu wa kulengeza m'nyuzipepala ntchito zimene amagwira pamodzi ndi mitengo yake, ndi kuti bungwe la maloya silingathe kumlanga pa chifukwa chimenechi ngati zimene walengezazo zili zoona. Mwa oweruza 9 a bwalolo, 5 anavomereza ndipo 4 anakana. Chigamulocho chinagwetsa mwambo umene unakhazikika kwa zaka pafupifupi 70, ndipo kufikira lero maloya a m'dzikomo sanamvane ngati chinakonza ntchito yawo kapena chinainyazitsa.

Ambiri amayesa kuti mkangano umenewu ndi wa maloya okhaokha, koma mwini wake weniweni ndiye munthu wa malipiro a pamwezi, monga kalaliki, mphunzitsi kapena namwino, amene sali wosauka kwakuti Boma lingampatse loya waulere, ndiponso sali wolemera kwakuti angalowe mu ofesi ya loya osayamba wafunsa mtengo. Funso limene linali pamaso pa oweruza linali lakuti: kodi munthu wotereyu ayenera kudziwa mtengo asanagogode pakhomo, kapena aziumva atakhala kale pampando?

Kumene chiletso chinachokera

Maloya a ku America sanayambe ndi chiletso. M'zaka za m'ma 1800 zinali zachizolowezi kuona maina awo m'nyuzipepala, ndipo ngakhale Abraham Lincoln, asanakhale Pulezidenti, dzina lake linkatuluka m'nyuzipepala za ku Springfield monga loya wolandira milandu. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1908, pamene bungwe la American Bar Association linalemba malamulo 32 a khalidwe la maloya, ndipo lamulo la nambala 27 linaletsa kufunafuna milandu mwa njira ya kutsatsa. Zigawo za dzikolo, zimene chilichonse chimadzilamulira chokha pa nkhani ya maloya, zinatengera lamuloli chimodzi ndi chimodzi.

Maganizo amenewa anachokera ku England, kumene kuimira anthu pa milandu kunkayesedwa utumiki wa anthu aulemu, osati malonda a pamsika. Loya wabwino, iwo ankatero, adzadziwika ndi mbiri yake, monga mmisiri wa pamudzi amene safuna chikwangwani pakuti aliyense adziwa khomo lake. Nzeru imeneyi inali yoona m'tauni yaing'ono. Koma mumzinda wa anthu zikwi mazanamazana, mlendo amene wangofika kudzagwira ntchito alibe womtsina khutu, ndipo mbiri ya loya imangozungulira pakati pa anthu olemera amene amadziwana kale.

Malamulo aakulu a dziko la America ali ndi ndime yotchedwa First Amendment, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1791, ndipo imaletsa Boma kuchepetsa ufulu wa kulankhula ndi wa kusindikiza. Komabe m'chaka cha 1942, pa mlandu wa munthu wina amene ankagawa timapepala m'misewu ya New York toitana anthu kudzaona sitima yake ya pansi pa madzi, Bwalo Lalikulu linanena kuti ndime imeneyi siteteza mawu a malonda chabe. Chotero kwa zaka zoposa 30 chiletso cha maloya chinakhala pamtendere, popanda wochigwedeza.

Mitengo yobisika

Ming'alu inayamba kuoneka m'chigawo cha Virginia. Banja lina, la a Goldfarb, linafuna kugula nyumba m'boma la Fairfax, ndipo linayenera kupeza loya woti afufuze ngati mapepala a malowo anali olongosoka. Loya woyamba anatchula gawo limodzi mwa magawo 100 a mtengo wa nyumbayo. Banjali linalembera makalata maloya ena 36. Anayankha ndi 19, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anavomera kutsika, pakuti bungwe la maloya la m'bomalo linali ndi ndandanda ya mitengo imene loya sankayenera kutsikirapo. M'chaka cha 1975 Bwalo Lalikulu linagamula kuti ndandanda yotereyi ndi upo wa kukweza mitengo, woletsedwa ndi lamulo la Sherman la 1890, ndi kuti maloya sangabisale kumbuyo kwa ulemu wa ntchito yawo.

Chaka chotsatira, 1976, kunabwera mlandu wa mankhwala, ku Virginia komweko. Lamulo linkaletsa ogulitsa mankhwala kulengeza mitengo ya mankhwala olembedwa ndi dokotala. Chofunika kuchizindikira ndi chakuti amene anadandaula sanali ogulitsa ayi, koma ogula. Umboni unaonetsa kuti m'dera limodzi mankhwala amodzimodzi ankagulitsidwa pa dola 1.20 m'sitolo ina ndi madola 9 m'sitolo ina. Woweruza Harry Blackmun, polemba chigamulo, anati ufulu wa kulankhula suli wa wolankhula yekha, koma ndi wa womveranso, ndipo amene amapwetekedwa koposa mitengo ikabisika ndiwo osauka, odwala ndi okalamba. Kuyambira tsiku limenelo mawu a malonda analowa pansi pa chitetezo cha First Amendment, ndipo maloya ochenjera anaona kuti khomo latseguka.

Maloya awiri a ku Phoenix

Bambo John Bates ndi Bambo Van O'Steen anatsiriza maphunziro a zamalamulo pa Arizona State University m'chaka cha 1972, nayamba ntchito m'bungwe lothandiza amphawi pa milandu m'boma la Maricopa. Mu Malichi 1974 anatsegula ofesi yawoyawo mumzinda wa Phoenix, ndi cholinga cha kuthandiza anthu a malipiro apakati amene sankaloledwa kulandira thandizo la Boma. Iwo ankalandira ntchito zosavuta zokha, zimene mapepala ake amafanana nthawi zonse, ndipo zambiri ankazipereka kwa othandizira amene sanali maloya. Mwa njira imeneyi mtengo unatsika, koma phindu pa munthu mmodzi linali lochepa zedi, kotero kuti ofesiyo ikanakhalitsa pokhapokha anthu atabwera ambiri. Patapita zaka ziwiri anaona kuti popanda kulengeza, adzatseka.

Pa 22 Febuluwale 1976 anaika chilengezo m'nyuzipepala ya Arizona Republic. Chinafunsa owerenga ngati akufuna loya, ndipo chinandandalika mitengo: kuthetsa ukwati pamene onse awiri avomerezana, madola 175 ndi ena 20 a kubwalo, kutenga mwana mwalamulo kuti akhale wako, madola 225, kupempha bwalo kuti limasule munthu wolephera kubweza ngongole zake, madola 250 ndi ena 55 a kubwalo, kusintha dzina, madola 95 ndi ena 20. Awiriwa sanakane kuti anaswa lamulo la bungwe lawo; iwo anati lamulolo ndilo limene linaswa malamulo aakulu a dziko. Komiti yoyamba inafuna kuti aimitsidwe ntchito miyezi 6, akuluakulu a bungwe anatsitsa chilangocho kufika sabata imodzi, ndipo bwalo lalikulu la chigawo cha Arizona linangowadzudzula. Ngakhale chilango chinachepa chotero, iwo anachita apilo ku Washington.

Mfundo za mbali ziwiri

Bungwe la maloya la Arizona linabwera ndi zifukwa zisanu ndi chimodzi. Linati kutsatsa kudzachotsa ulemu wa ntchito. Kudzasocheretsa anthu, popeza milandu siifanana monga zifanana botolo za mankhwala. Kudzautsa milandu yopanda pake. Kudzakweza mitengo, chifukwa ndalama za chilengezo adzalipira ndi wodzafuna thandizo yemweyo. Kudzatsitsa ubwino wa ntchito. Ndiponso kudzakhala kovuta kulondera kuti tione wonena zoona ndi wonama.

Woweruza Blackmun anayankha chimodzichimodzi. Pa za ulemu anati palibe munthu amene amapita kwa loya akuyesa kuti adzathandizidwa kwaulere, kotero ulemu umene umadalira kubisa kuti loya amadyera ntchito yake uli pa maziko osalimba. A mabanki ndi mainjiniya amalengeza, ndipo palibe amene amawanyoza. Anakumbutsanso kuti chiletsocho chinayamba monga mwambo wa ulemu chabe, osati monga lamulo losiyanitsa chabwino ndi choipa. Pa za milandu yochuluka anati nkolakwa kuganiza kuti ndi bwino munthu amene walakwiridwa angokhala chete kusiyana ndi kuti apite kubwalo. Ndipo anatchula mawu a bungwe la American Bar Association lenilenilo, lovomereza kuti anthu apakati, okwana 70 mwa 100 alionse, sankafikiridwa mokwanira ndi maloya. Chimodzi cha zifukwa zake chinali mantha a mtengo wosadziwika. Akale anati safunsa anadya phula. Koma apa munthu ankadya phula osati chifukwa cha ulesi wa kufunsa, koma chifukwa lamulo linatseka pakamwa pa woyenera kuyankha.

Oweruza anayi amene anakana sanali anthu opanda mfundo. Woweruza Lewis Powell, amene kale anakhalapo mtsogoleri wa American Bar Association, anachenjeza kuti palibe mlandu umene ungatchedwe wosavuta usanaunikidwe. Kuthetsa ukwati kumene kukuoneka kopanda mkangano kungabise nkhani ya ana, ya nyumba ndi ya chithandizo cha mwezi ndi mwezi, ndipo munthu wokopeka ndi mtengo wa madola 175 angathe kutaya zambiri zimene loya wodekha akanamuuza. Mkulu wa oweruza, Warren Burger, pamodzi ndi a Potter Stewart ndi a William Rehnquist, anakananso. Ndiponso asanu opambanawo sanatsegule zipata zonse: ananena poyera kuti chilengezo chonama kapena chosocheretsa chingaletsedwe, ndipo nkhani ya kudzitama kuti ndine loya woposa onse, ya kutsata munthu kunyumba, ndi ya kulengeza pa wailesi anaisiya kuti idzaonedwe tsiku lina.

Kuuza anthu ndi kukola munthu

Tsiku linalo silinachedwe. Pa 30 Meyi 1978 bwalo linagamula milandu iwiri pamodzi, ndipo iwiriyi ndiyo imaonetsa bwino pamene malire ali. Woyamba unali wa loya Albert Ohralik wa ku Ohio, amene atamva za ngozi ya galimoto anapita kuchipatala kukaona mtsikana wa zaka 18 ali chigonere pakama, napempha kuti amuimire pa mlandu ndi kuti adzatenge gawo limodzi mwa magawo atatu a chipukuta misozi. Anapitanso kwa mtsikana mnzake wa m'ngozi yomweyo atabisa makina ojambula mawu. Bwalo linavomereza chilango chake, ponena kuti munthu wophunzitsidwa luso la kukopa akaima pamutu pa wovulala, wovulalayo alibe mpata wa kuganiza, wa kufunsa abale, kapena wa kuyerekeza mitengo, ndipo palibe mboni yoona zimene zanenedwa.

Wachiwiri unali wa Mayi Edna Smith Primus a ku South Carolina, amene analembera kalata mayi wina wosauka, mmodzi wa amayi amene anatsekedwa kubereka pofuna kuti apitirize kulandira chithandizo cha Boma cha kuchipatala, kumuuza kuti bungwe la American Civil Liberties Union lingathe kumuimira kwaulere. Iwowa bwalo linawamasula, pakuti sankafuna phindu la m'thumba mwawo, koma ankamenyera ufulu wa anthu.

M'chaka cha 1980, pa mlandu wa kampani ya magetsi ya Central Hudson, bwalo linaika muyeso umene ukugwirabe ntchito. Choyamba, mawu a malondawo akhale a chinthu chololedwa ndipo asakhale osocheretsa. Akakhala otero, Boma lofuna kuwaletsa lionetse kuti lili ndi chifukwa cholemera, kuti chiletsocho chikuthandizadi pa chifukwa chimenecho, ndi kuti sichikupitirira pamene pafunika. Katundu wa kupereka umboni anachoka pamutu pa wolengeza, nakhala pamutu pa woletsa.

Mlandu wa 1985 wa loya Philip Zauderer, wa ku Ohio, unawonjezera mfundo ina ya mtengo wapatali kwa ogula. Iye anaika m'nyuzipepala 36 chithunzi cha chipangizo cholera chotchedwa Dalkon Shield, chimene chinavulaza amayi ambiri, ndipo pambuyo pake anaimira amayi 106 pa milandu. Bwalo linati chithunzicho ndi malangizowo zinali zololedwa. Koma chilengezocho chinalonjeza kuti ngati mlandu sunapambane loya sadzalipidwa, osatchula kuti ndalama za kubwalo zingagwerebe mwini mlandu, ndipo pa ichi chidzudzulo chinakhala. Tanthauzo lake ndi lakuti Boma lili ndi mphamvu zochepa za kutseka pakamwa pa loya, koma lili ndi mphamvu zambiri za kumkakamiza kuti anene zonse.

Mu 1988 bwalo linalola makalata olembera anthu amene loya akudziwa kuti ali pa vuto lakutilakuti, popeza kalata munthu angathe kuitaya osaiyankha. Koma mu 1995 linavomereza lamulo la chigawo cha Florida loletsa makalata otere kwa ovulala pangozi ndi kwa ofedwa kufikira patapita masiku 30. Apanso oweruza anagawikana, 5 kwa 4. Woweruza Sandra Day O'Connor anati nthawi ya chisoni iyenera kulemekezedwa, ndi kuti makalata ofika pasiwa anyazitsa ntchito yonse ya maloya. Woweruza Anthony Kennedy anatsutsa, nati m'masiku 30 omwewo nthumwi za makampani a inshuwalansi zili ndi ufulu wa kufika kwa wovulala ndi kumsainitsa chipukuta misozi chochepa, pamene umboni wa ngozi ukufafanizika. Onse awiri ankanena kuti akuteteza munthu yemweyo, ndipo apa mpamene pali fupa la nkhani yonse.

Walira mvula walira matope

Kodi ogula anapindula? Umboni umene ulipo ukuloza kuti pa ntchito zosavuta anapinduladi. Kale mu 1972 katswiri wa zachuma, Lee Benham, anaonetsa kuti magalasi a maso anali otsika mtengo m'zigawo zimene zinkalola kutsatsa. Mu 1984 ofufuza a nthambi ya Boma ya Federal Trade Commission anapeza zofanana pa maloya: kumene ziletso zinali zochepa, mitengo ya ntchito monga kulemba wilo ndi kuthetsa ukwati wopanda mkangano inali yotsikirapo. Mantha akuti ndalama za chilengezo zidzakweza mitengo sanakwaniritsidwe pa ntchito zimenezi.

Koma matope nawo anadza. Woyenda m'misewu ikuluikulu ya ku America lero amaona zikwangwani za maloya zotalika ngati nyumba, ndipo pa wailesi ya kanema ndi pa intaneti zilengezo zawo sizitha. Zambiri mwa izo nza milandu ya ngozi, imene loya amatengako gawo la chipukuta misozi, ndipo kawirikawiri zimaonetsa nkhope, nambala ya foni ndi mawu odzitama, koma mtengo wa ntchito osauona. Chimene a Bates ndi a O'Steen anamenyera chinali ndandanda ya mitengo. Chimene chinachuluka ndi phokoso. Ndiponso kusowa kwa maloya a anthu wamba sikunathe. Bungwe la Legal Services Corporation, limene nyumba ya malamulo inakhazikitsa mu 1974 kuti lizilipirira thandizo la amphawi, linanena mu 2022 kuti pa mavuto aakulu 92 mwa 100 alionse a milandu yosakhala ya upandu, anthu osauka sanalandire thandizo, kapena analandira losakwanira. Chilengezo chimauza munthu kumene kuli loya, koma sichimuikira ndalama m'thumba.

Mu 2018 American Bar Association inafupikitsa malamulo ake a chitsanzo pa nkhani imeneyi, nisiya mizati iwiri: loya asanene chonama kapena chosocheretsa, ndipo asafikire munthu maso ndi maso pofuna phindu. Chigawo cha Arizona, kumene mkangano unayambira, chinapitirira apo, ndipo kuyambira mu Januwale 2021 chinalola anthu amene si maloya kukhala ndi gawo m'makampani a zamalamulo, pofuna kuti thandizo litsike mtengo.

Maiko ena sanayende liwiro limodzi. Ku England, kumene mwambowu unabadwira, maloya otchedwa solicitor analoledwa kulengeza mu 1984. Mu 1994 bwalo la ku Strasbourg loona za ufulu wa anthu a ku Europe, pa mlandu wa loya wa ku Spain dzina lake Casado Coca, linavomereza kuti chilengezo cha loya ndi mbali ya ufulu wa kulankhula, koma linasiyira dziko la Spain mphamvu ya kuchiletsa. Ku India chiletso chinakhalabe, ndipo mu 2008 maloya anangololedwa kuika pa intaneti maina, maphunziro ndi mtundu wa ntchito zawo.

Phunziro la mkanganowu

Amene amalemba malamulo a ntchito zaulemu, kaya ndi za maloya, madokotala kapena aphunzitsi, angatolepo muyeso umodzi pa milandu yonseyi. Lamulo lililonse loletsa kulankhula limanena kuti likuteteza anthu, kotero funso loyenera ndi lakuti likuwateteza kwa yani. Lamulo limene linaletsa loya kuima pa kama wa wovulala linateteza wovulalayo. Lamulo limene linakakamiza loya kutchula ndalama za kubwalo linateteza mwini mlandu. Koma lamulo limene linaletsa kusindikiza kuti kusintha dzina ndi madola 95 silinateteze wofuna kusintha dzina. Linateteza maloya okhazikika kale, amene sankafuna kuti mitengo yawo iyerekezedwe ndi ya anzawo atsopano.

Oweruza a ku Washington sananene kuti ntchito ya loya ndi yofanana ndi ya wogulitsa chinangwa pamsika. Ananena kuti munthu wamkulu, wogwira ntchito ndi kulipira msonkho, angathe kupatsidwa choonadi nasankha yekha, ndi kuti ntchito ya Boma ndiyo kulanga wonama ndi wokola anthu pa nthawi ya tsoka, osati kubisa mtengo kwa amene adzaulipira.